Kodi mabakiteriya amadziwa kuti akusakidwa? Yankho kwa aphunzitsi ofunsa za chinzonono ndi chikuku

Aphunzitsi ena a sayansi ku sekondale anditumizira imelo yokhala ndi funso limene wophunzira wawo anawapanikiza nalo m'kalasi. Iwo ankaphunzitsa kuti thupi likadwala matenda ena limakumbukira kachilombo kake, ndipo kakabweranso limakagonjetsa munthu asanagone n'komwe. Mtsikana wina anaimika dzanja n'kufunsa kuti ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani chikuku munthu amadwala kamodzi kokha pa moyo wake, koma chinzonono angathe kuchitenga kawiri, katatu, ngakhale kuposa pamenepo? Aphunzitsiwo alemba kuti: "Ndinawerengapo kuti mabakiteriya ena amasintha DNA yawo kuti asilikali a m'thupi asawazindikire. Kodi zimachitika bwanji kwenikweni? Kodi bakiteriya amadziwa kuti akusakidwa, n'kuganiza zosintha? Nanga n'chimodzimodzi ndi kusamva mankhwala?"

Zikomo kwambiri, Aphunzitsi, ndipo mumuthokoze mtsikanayo, chifukwa funso lakelo ndi lomwe lasowetsa tulo akatswiri ofunafuna katemera wa chinzonono kwa zaka zambiri. Ndiyankha motalikirapo, kuti mukhale ndi zokwanira zobwerera nazo m'kalasi.

Ndiyambe ndi funso lakuti kodi amadziwa, poti yankho lake ndi limene limatsegula zina zonse. Ayi, bakiteriya sadziwa. Alibe njira yoonera kuti antibodi (puloteni imene thupi limapanga kuti igwire kachilombo) imene ikubwera ndi yotani kuti asankhe puloteni ina yoizembera. Chimene chimachitika n'chakuti m'gulu la mabakiteriya mamiliyoni ambiri nthawi zonse mumakhala ochepa amene asintha kale, mwamwayi, ngozi isanafike. Chitetezo cha m'thupi chikabwera chimapha ambiri aja amene chikuwadziwa, ochepa osinthika aja n'kutsala, n'kuswana, n'kudzazanso malo onse. Wosankha ndi thupi lathu lomweli. Komatu kusinthaku sikuchitika paliponse mu DNA. Kuli ndi malo ake enieni, zida zake ndi liwiro lake, ndipo kukoma kwa nkhaniyi kuli pamenepo.

Tikumbutsane pang'ono. DNA ndi chingwe chachitali cha malembo anayi, A, C, G ndi T. Chigawo chimene chili ndi malangizo opangira puloteni imodzi ndicho jini. Kutsogolo kwa jini kumakhala kachigawo kotchedwa promoter, pamene makina a m'selo owerenga DNA amatera n'kuyamba kuwerenga, ndipo amalowera mbali imodzi yokha, kumene promoter yaloza. Maantibodi nawo amagwira kaumbidwe ka kachigawo kakang'ono ka puloteni kapena ka shuga amene ali kunja kwa bakiteriya. Zam'kati sazifikira. Choncho bakiteriya akasintha zakunja zokha, maantibodi akale amamudutsa, ngakhale kuti m'kati ndi yemwe uja.

Nkhaniyi inayambira pa Salmonella, bakiteriya wotsegula m'mimba. Iye amasambira ndi timichira titalititali topangidwa ndi puloteni imodzi yosanjikizana kambirimbiri, yotchedwa flagellin. Mu 1922 dokotala wa ku London, Frederick Andrewes, anaona chinthu chozunguza mutu. Akatenga Salmonella a mtundu umodzi n'kuwapatula, ena ankagwidwa ndi maantibodi amtundu wina, ena ndi amtundu winanso. Akatenga kagulu kamodzi koyera bwino n'kupitiriza kukalera, mitundu yonse iwiri inkapezekamonso. Sikunali kusakanikirana kwa mbale za mu labotale ayi. Mwana wa bakiteriya wa timichira tamtundu woyamba ankatha kukhala ndi tamtundu wachiwiri, zidzukulu zake n'kudzabwereranso ku toyamba tija. Mu 1956 Joshua Lederberg ndi Tetsuo Iino anasonyeza kuti pali majini awiri a flagellin, ndipo chimene chimalamula kuti ligwire ntchito ndi liti chili pafupi ndi limodzi mwa awiriwo. Panapitanso zaka 21 kuti chinthucho chidziwike. Gulu la Melvin Simon ku San Diego ndi limene linachipeza mu 1977: kachidutswa ka DNA kamadulidwa, n'kutembenuzidwa, n'kubwezeredwa pamalo pomwepo kataloza kwina.

Kachidutswako kali ndi malembo pafupifupi 1,000, pa malembo oposa 4.8 miliyoni a DNA yonse ya Salmonella. Kunsonga zake zonse ziwiri kuli chizindikiro cha malembo 26 chotchedwa hix. M'kati mwake muli jini la puloteni ya Hin, imene ndiyo imadula ndi kutembenuza, komanso muli promoter. Taganizirani chikwangwani cha muvi chokhomedwa ndi msomali umodzi pamphambano: chikangozungulira, aulendo onse amalowera njira ina. Promoter ikaloza kumene kuli jini la fljB, selo limapanga flagellin ya FljB, ndipo pamodzi nayo limapanganso kapuloteni ka FljA, kamene ntchito yake ndi kuletsa kuti flagellin ya jini linalo, fliC, ipangidwe. Jini la fliC lili patali ndithu pa chingwecho. Hin ikatembenuza kachidutswako, promoter imafulatira fljB. Ndiye FljB sipangidwanso, FljA nayo imatha, fliC n'kumasuka. Kutembenuza kumodzi kokha, jini lina lazima, lina layaka, ndipo selo silisowa mchira.

Kadulidwe kake n'kaukhondo kwabasi. Mapuloteni anayi a Hin amagwira zizindikiro ziwiri zija n'kuzibweretsa pamodzi, mothandizidwa ndi puloteni ina, Fis, imene imapinda DNA. Popeza chingwe cha DNA chili ndi nthambo ziwiri ndipo malo odula ndi awiri, amadula nthambo zonse zinayi nthawi imodzi ali chigwirire nsonga zake kuti zisabalalike, awiri mwa iwo n'kuzungulira madigiri 180, kenako n'kulumikiza. Palibe lembo ngakhale limodzi lotayika kapena lowonjezereka, n'chifukwa chake zimatheka kubwerera mmene zinalili. Zimachitika pafupifupi kamodzi pa kugawikana kwa maselo 1,000 mpaka 100,000. Zingaoneke zochepa, koma yerekezerani ndi cholakwika wamba cha pokopera DNA, chimene pa lembo limodzi chimachitika kamodzi pa maulendo mabiliyoni angapo. M'kadontho ka mabakiteriya mamiliyoni simungalephere kupezamo otembenuka. Ndipo musaiwale kuti Andrewes anaona zonsezi mu labotale, mmene munalibe chitetezo cha thupi la munthu chowathamangitsa.

Salmonella ndi chitsanzo chabwino chojambula pa bolodi, koma kwa ine sichikwanira kuyankha mtsikana uja. Mitundu iwiri yokha thupi silichedwa kuidziwa yonse. Salmonella Typhi, wa taifodi, nthawi zambiri amakhala ndi flagellin imodzi basi, ndipo pali mtundu wa Salmonella Typhimurium umene unataya yachiwiri ija koma wafala kwambiri mu nkhumba ndi mwa anthu ku Ulaya.

Njira yotembenuzayi ilinso mwa ena. E. coli woyambitsa matenda a m'njira ya mkodzo ali ndi kachidutswa ka malembo 314 kamene kamayatsa kapena kuzimitsa titsitsi togwirira khoma la chikhodzodzo. Otembenuza ake ndi awiri: FimB amatembenuzira mbali zonse, FimE amakonda kuzimitsa, ndipo kutentha ndi chakudya chimene chilipo zimasintha kuti wamphamvu akhale uti. Apa ndiwonjezerepo pa yankho langa lija. Bakiteriya angathe kumva kutentha kapena njala n'kufulumizitsa kapena kuchedwetsa kusinthako, koma kuti selo losintha likhale liti, ndipo lisinthe nthawi yanji, zimakhalabe zamwayi. Bacteroides fragilis, amene amakhala mwamtendere m'matumbo mwa anthu ambiri, amapanga mitundu 8 ya shuga wokuta thupi lake, ndipo 7 mwa iyo ili ndi promoter yotembenuzika. Adani a bakiteriya ngati ameneyu si maantibodi okha. M'matumbo muli mavairasi ambirimbiri ogwira mabakiteriya, amene nawonso amazindikira womugwira poona zakunja kwake.

Tsopano tifike pa chinzonono. Bakiteriya wake, Neisseria gonorrhoeae, amadalira kwambiri kukopera. Ali ndi titsitsi totchedwa pili, timene amagwirira maselo a m'njira ya mkodzo, khomo la chiberekero, pakhosi ndi malo ena. Popanda timeneti amavutika kuyambitsa matenda, ndiye sangangotitaya. Puloteni yomanga titsitsito imachokera ku jini limodzi lokha logwira ntchito, pilE. Koma m'malo ena a DNA yake muli makope ena a jini lomweli, 19 mu mtundu wina umene wafufuzidwa kwambiri, otchedwa pilS. Makopewa ndi ogona: alibe promoter, alibenso chiyambi cha jini, moti paokha sangapange kanthu. Lililonse limasiyana pang'ono ndi linzake.

Nthawi ndi nthawi selo limakopera kachidutswa kuchokera ku kope lina logona n'kukalemba pamalo ofanana nako mu pilE. Zomwe zinali mu pilE pamalopo zimafufutika, koma kope loperekalo limatsala mmene linalili, lokonzeka kuperekanso. Ndipo sikuti amakopera jini lonse ayi. Uyu atenga malembo makumi angapo ku kope ili, mdzukulu wake atenga ena ku kope lina, mpaka pilE limakhala losakanizika kuchokera ku makope ambiri. Ndi pamenepa pamene chiwerengero chimakwerera. Makope 19 sapereka mitundu 19 yokha ya pili. Amapereka mitundu yoti simungaiwerenge n'kuimaliza, ndipo pa kugawikana kulikonse maselo angapo pa 1,000 alionse amakhala atasintha.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi mmene zinakhalira kuti kusinthaku kusaononge katsitsiko. Chiyambi cha puloteni ya pili ndicho chimalumikiza puloteni ina ndi inzake m'kati mwa katsitsi, ndipo ndicho chija makope ogona alibe, choncho sichisintha. Mbali imene imasintha kwambiri ndi imene imayang'ana kunja, kumene maantibodi amafika. Katsitsi kamagwirabe ntchito yake, koma kunja kwake n'kwachilendo. Mu 2009 Laty Cahoon ndi Hank Seifert ku Chicago anapeza pamene zonsezi zimayambira. Kutsogolo kwa pilE kuli kachigawo ka malembo 16 kodzaza ndi G, kamene kamadzipinda n'kupanga mfundo yachilendo pa DNA. Atasintha G mmodzi yekha mwa 12 opanga mfundoyo, kusintha kwa pili kunaima kapena kutsika kwambiri. Lembo limodzi, pa malembo oposa 2 miliyoni a bakiteriyayu.

Pali umboni wochokera mwa anthu enieni. M'zaka za m'ma 1990 ku North Carolina, amuna odzipereka pa kafukufuku anaikidwa mabakiteriyawa mwadala m'njira ya mkodzo, n'kupatsidwa mankhwala zizindikiro zitangoyamba. Mabakiteriya amene anatengedwa mwa iwo patangopita masiku ochepa anali kale ndi pili zamitundu ingapo zosiyana ndi zomwe zinalowa. Pa masiku ochepa choncho thupi limakhala lisanapange n'komwe maantibodi atsopano okwanira.

Bakiteriya yemweyu alinso ndi njira ina yosafuna kudula kapena kukopera kuchokera kwina, ndipo imeneyi ophunzira anu aikonda chifukwa angaiwerengere okha. Pakhungu lake pali mapuloteni a Opa, omwenso amagwirira maselo athu. Malembo a jini amawerengedwa atatuatatu. Jini lililonse la opa lili ndi malembo asanu, CTCTT, obwerezedwa kangapo motsatizana kumayambiriro kwake. Makina okopera DNA akafika pamalo obwerezabwereza chotere nthawi zina amaterereka, n'kuwonjezera CTCTT imodzi kapena kuidumpha. Popeza 5 sagawika ndi 3, kuwerenga konse kwa kutsogoloko kumasokonekera ndipo puloteni sipangidwa. Tinene kuti jini likuwerengeka bwino CTCTT zili 9. Zikakhala 10 lazima, 11 lazimabe, 12 layakanso. Majini a opa alipo pafupifupi 11, lililonse likuyaka ndi kuzima palokha, ndipo 2 mukamuchulukitsa yekha maulendo 11 mupeza 2,048. Majini ena opanga shuga wa pakhungu lake amatererekanso chimodzimodzi pamalo pamene G wandandalikana.

Kuti yankho likhale loona lonse, muwauzenso ophunzirawo kuti kusinthasintha si chida chokhacho chimene bakiteriyayu ali nacho. Amatenga shuga wina wotchedwa sialic acid m'thupi mwathu n'kudzikuta naye, zimene zimafooketsa mapuloteni a m'magazi oboola mabakiteriya. Amatulutsanso puloteni yodula maantibodi ena a m'malo onyowa a thupi. Zonsezi zikaphatikizana, munthu amachira wopanda chitetezo chodalirika. Bungwe la WHO linayerekeza kuti mu 2020 panali matenda atsopano a chinzonono pafupifupi 82 miliyoni pakati pa anthu a zaka 15 mpaka 49.

Pali matenda ena amene kusinthaku mungakuone ndi maso pa chipangizo choyezera kutentha kwa thupi. Madokotala amawatcha relapsing fever, kutentha thupi kobwerezabwereza, ndipo amayamba ndi mabakiteriya opiringizika a mtundu wa Borrelia, ofalitsidwa ndi nkhufi kapena nsabwe. Joseph Dutton, mmodzi mwa amene anasonyeza kuti nkhufi ndizo zimafalitsa matendawa, anamwalira nawo ku Congo mu 1905 ali ndi zaka 30, ndipo Borrelia duttonii anatchulidwa dzina lake. Wodwala amatentha thupi kwa masiku atatu kapena chapomwepo, mabakiteriya atadzaza m'magazi moti amaoneka pa maikulosikopu. Kenako maantibodi amafika, mabakiteriya amazimiririka, munthu n'kumva bwino pafupifupi mlungu wathunthu. Ndiye kutentha kumabwereranso. Mabakiteriya a ulendo wachiwiriwu ndi ana a ochepa aja amene anali atasintha kale puloteni yaikulu ya pakhungu lawo. Popanda mankhwala zimenezi zimabwereza kangapo.

Mu 1982 Herbert Stoenner ndi anzake ku Rocky Mountain Laboratories ku Montana anabaya mbewa ndi bakiteriya mmodzi yekha wa Borrelia hermsii, ndipo mwa zidzukulu zake anapezamo mitundu 24 yosiyana kunja kwake. Kenako zinadziwika kuti bakiteriyayu ali ndi majini ogona pafupifupi 60 ndi malo amodzi okha owerengerapo. Jini logona likakoperedwa pamalopo, lakale limachoka. Pangakhale wophunzira wochenjera amene angafunse kuti, ngati kusinthaku n'kwamwayi, bwanji mitundu yonse sionekera nthawi imodzi pachiyambi pomwe, thupi n'kuidziwa yonse n'kuithetsa? Yankho lake n'lakuti mwayiwo si wofanana. Majini ena ogona amafanana kwambiri ndi m'mbali mwa malo owerengerapo aja, choncho amakopereka mosavuta ndipo amatulukira msanga. Ena amakopereka mwa apo ndi apo, ndipo amadzapeza mpata thupi litatha kale kupha osavuta aja. Motero matenda amatalika, nkhufi ina n'kupeza nthawi yoyamwa magazi a wodwalayo ndi kupititsa mabakiteriyawo kwa wina.

M'bale wake, Borrelia burgdorferi wa matenda a Lyme amene amafala ndi nkhupakupa ku North America ndi ku Ulaya, amasakaniza tizidutswa ngati wa chinzonono. Gulu la Steven Norris ku Houston linafotokoza mu 1997 jini la vlsE ndi makope ake ogona 15. Kusakanizako kumachitika bakiteriya akakhala m'thupi la nyama, mu mbale ya labotale sikuoneka, kusonyeza kuti amamva kuti ali kuti. Koma kumachitikanso ngakhale mu mbewa zosatha kupanga maantibodi, ndiye sitinganene kuti akuyankha antibodi inayake. Asayansi atachotsa makope ogona aja, mbewa zabwinobwino zinathetsa matendawa pa milungu yochepa, pamene mu mbewa zopanda maantibodi bakiteriyayo anakhalabe. Bakiteriya wa chindoko nayenso amachita zofanana ndi puloteni yake ya TprK, imene ili ndi malo 7 osinthasintha.

Zimenezi zili ndi mtengo wake. Maselo ambiri osintha sathera pabwino: ena pili zawo zimatuluka zopunduka, ena amazimitsa puloteni imene akanaifuna pomwepo, n'kufa. Bakiteriya akanati azisintha chotere paliponse mu DNA yake, sakanakhala ndi moyo. Mu 1994 Richard Moxon wa ku Oxford ndi anzake anafotokoza kuti DNA ya mabakiteriya ambiri oyambitsa matenda ili ndi mbali ziwiri. Majini ambiri, amene amayendetsa moyo wa m'kati mwa selo, amakoperedwa mokhulupirika kwambiri. Ochepa okha, makamaka a zinthu zakunja zokumana ndi adani, ndi amene amakhala pamalo oterera. Palibe anakhala pansi n'kukonza zimenezi m'mutu mwa bakiteriya. Mibadwo imene inali ndi malo oterera pa majini oyenera inkapulumukako pang'ono nthawi zonse, ndipo ndi imene tili nayo lero.

Pali mfundo imodzi imene ndikupemphani kuti musaisiye pophunzitsa: ifenso timachita zomwezo. Mu 1976 Susumu Tonegawa, ali ku Basel, anasonyeza kuti maselo athu opanga maantibodi amadula DNA yawo n'kuilumikizanso, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1987 chifukwa cha zimenezi. Popanga nthambo yaikulu ya antibodi, selo limasankha mwamwayi kachidutswa kamodzi pa tizidutswa ta DNA pafupifupi 40 totchedwa V, kamodzi pa oposa 20 totchedwa D, ndi kamodzi pa 6 totchedwa J, n'kuwonjezera kapena kuchotsa malembo angapo polumikizirapo. Selo lililonse limatuluka ndi antibodi yakeyake lisanakumane ndi kachilombo kalikonse. Kachilombo kakalowa, maselo ochepa amene antibodi yawo yachita mwayi wokagwira ndi amene amaswana n'kuchuluka. Choncho mbali zonse ziwiri zimasakaniza mosaona, ndipo iliyonse imasankhidwa ndi mdani wake. Kusiyana kwake n'kwa nthawi: thupi limafuna mlungu kapena kuposerapo kuti lichulukitse maantibodi atsopano, pamene bakiteriya angathe kugawikana pa ola limodzi kapena kucheperapo.

Nanga chikuku? Choyamba, chimenechi ndi vairasi, osati bakiteriya. Mapuloteni awiri a kunja kwake, amene imatsegulira maselo athu, sangasinthe kwambiri osataya ntchito yake, ndipo maantibodi athu amawagwira m'malo angapo nthawi imodzi, kuphatikizapo penipeni pogwirira selo. Choncho kwa chitetezo chathu chikuku chonse padziko lapansi ndi chamtundu umodzi. Mu 1846 dokotala wa ku Denmark, Peter Panum, anatumizidwa ku zilumba za Faroe kumene kunabuka chikuku, ndipo anapeza kuti okalamba amene anadwala pa mliri wa 1781 sanadwalenso, patapita zaka 65. Katemera woyamba wa chikuku anavomerezedwa mu 1963, ndipo makatemera ambiri a masiku ano amachokerabe ku vairasi imene inatengedwa mu 1954.

Katemera wa chinzonono ndiye wakhala wovuta pa chifukwa chomwe mwachiona kale. M'zaka za m'ma 1980 anayesa katemera wopangidwa ndi pili pa asilikali a ku America oposa 3,000 amene anali ku Korea. Obayidwawo anapangadi maantibodi, koma sanatetezeke, chifukwa pili za mu katemerayo zinali za mtundu umodzi ndipo zimene ankakumana nazo zinali zina. Makatemera ambiri a matenda oumitsa khosi, amene bakiteriya wake Neisseria meningitidis ndi m'bale weniweni wa bakiteriya wa chinzonono, amalunjika pa chikuto cha shuga chokhuthala chimene wa chinzonono alibe. Chiyembekezo chinabwera mosayembekezereka kuchokera ku New Zealand. Kumeneko kuyambira mu 2004 achinyamata ambiri anabayidwa katemera wina wa matenda oumitsa khosi wopangidwa ndi timatumba ta khungu la bakiteriya, osati chikuto cha shuga. Mu 2017 Helen Petousis-Harris ndi anzake atasanthula zolembedwa za m'zipatala anapeza kuti obayidwawo chiopsezo chawo cha chinzonono chinali chotsika ndi 31 peresenti. N'chitetezo chochepa, ndipo chinaoneka poyang'ana m'mbuyo osati pa kuyesa kokonzedwa mwadala, koma chinasonyeza kumene kuyenera kufufuzidwa: mapuloteni a kunja amene bakiteriya sangathe kuwasintha.

Funso lanu lomaliza ndi lofunika kwambiri kuti ophunzira asasokoneze. Kusintha zakunja ndi kusamva mankhwala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Jakisoni wa ceftriaxone, amene masiku ano ndiye mankhwala odalirika a chinzonono, salabadira kuti pili ndi zotani; amakagwira puloteni yomanga khoma la bakiteriya. Kusamva mankhwala kumabwera pamene puloteni ngati imeneyo yasintha, kapena bakiteriya akapeza jini lophwanya mankhwala kapena lowapopera kunja, ndipo kusintha kotere sikuyaka ndi kuzima ngati kuja, kumapitirira ku mibadwo yotsatira. Bakiteriya wa chinzonono amatha kumeza DNA ya abale ake imene waipeza pafupi, ndipo tizidutswa tina tomuthandiza kupirira mankhwala anatitenga kwa mabakiteriya a Neisseria osavulaza amene amakhala pakhosi pathu. Ndi njira zoterezi wakhala akugonjetsa mankhwala a sulfa, penicillin, tetracycline ndi ciprofloxacin motsatizana, ndipo m'maiko angapo mwapezeka kale mitundu yovuta ngakhale kwa ceftriaxone.

Ndiye munthu amene wachira chinzonono n'kudwalanso patapita mwezi, kawirikawiri si kuti mankhwala analephera. Nthawi zambiri wachitenganso, mwinanso kwa mnzake yemwe uja amene sanalandire chithandizo, ndipo azimayi ambiri amakhala nacho osaona chizindikiro chilichonse. N'chifukwa chake achipatala amalimbikira kuti onse awiri alandire mankhwala nthawi imodzi, apewe kugonana kwa masiku 7 atalandira, ndipo wodwala abwerenso kuchipatala ngati zizindikiro sizikutha, kuti aone ngati wakumana ndi mtundu wosamva mankhwala.